Kuchokera ku Sefuliya Yolankhula Kufikira ku Kamakina ka M'thumba

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, nkhani yathu ya lero ndi mbiri ya makina oimba nyimbo amene munthu akhoza kuwanyamula. Tiona m'mene makina otere anafikira m'midzi yathu, monga ya m'boma la Chongwe kum'mawa kwa Lusaka. Pa makina alionse tidzafunsa mafunso awiri. Loyamba ndi ili: kodi munthu wamba akhoza kuwagwiritsa ntchito popanda womphunzitsa? Lachiwiri ndi ili: kodi akafa, alipo munthu pafupi wodziwa kuwakonza?

Makolo athu anayamba ndi galamafoni. Iyi sinali kufuna magetsi kapena batire. Munthu anali kuipukusa ndi dzanja, naika singano yachitsulo pa mbale ya nyimbo. Singano ikabuntha anali kuikapo ina, ndipo ngakhale mwana anali kutha ntchito imeneyi. Chovuta chake chinali chakuti mbale zake zinali zosachedwa kusweka, ndiponso galamafoni sinali kunena nkhani za m'dziko.

Wailesi inayamba kuulutsa mawu mu Lusaka m'chaka cha 1941, koma anthu akuda amene anali ndi mawailesi m'nyumba zawo anali owerengeka. Mawailesi a masiku amenewo anali okwera mtengo, ndipo ambiri anali ofuna magetsi. Harry Franklin, amene anali mkulu wa nthambi yofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anafunafuna kampani yoti ipange wailesi yoyenera moyo wa kumudzi. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain ndiyo inavomera, ndipo m'chaka cha 1949 wailesiyo inafika m'masitolo. Dzina lake linali Saucepan Special, chifukwa thupi lake linali lozungulira ngati sefuliya yophikira ndiwo.

Tamvani tsono nzeru zimene zinali m'sefuliya imeneyi. Thupi lake linali lachitsulo chopepuka, lopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo. Mabowo ake anawatchinga ndi sefa kuti mphemvu ndi tizilombo tina tisalowemo. Potsegulira ndi posakira siteshoni panali poonekeratu, kotero kuti nkhalamba yosadziwa kuwerenga inali kuizolowera tsiku lomwelo. Batire yake inali yaikulu, yokhala kunja kwa wailesi, ndipo inali kutha pafupifupi maola 300. Ikatha mphamvu, mwini wake anali kugula ina ndi kuilumikiza yekha. M'kati munali timababu tinayi totchedwa valve, ndipo kamodzi kakapsa mmisiri anali kukazula ndi kuzikapo kena. Mtengo wa wailesi unali mapaundi 5, wa batire paundi 1 ndi mashiling'i 5. Izi zinali ndalama zambiri kwa mlimi, komabe mawailesi zikwizikwi anagulidwa, ndipo madzulo mudzi wonse unali kusonkhana pakhomo limodzi kudzamvera nkhani ndi nyimbo za Alick Nkhata.

Pambuyo pake kunabwera mawailesi a transistor, ang'ono ndi osadya batire kwambiri. Mu 1963 kampani ya Philips inatulutsa kaseti, ndipo mu 1979 kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa Walkman, kamakina ka kaseti komvera ndi zoika m'makutu. Makina a kaseti anali kuvuta kawirikawiri, koma matenda ake anali odziwika. Tepi ikatuluka, munthu anali kuikulunga ndi cholembera. Lamba wa mphira akatamuka, mmisiri wa pamsika anali kumasula chivundikiro ndi kuikamo wina. Mabatire ake anali omwe aja ogulitsidwa m'sitolo iliyonse. Anyamata ambiri anadyetsa mabanja awo ndi ntchito yokonza makina amenewa.

Kenaka nyimbo zinaleka kusungidwa pa mbale ndi pa tepi, zinayamba kusungidwa monga manambala m'njira ya kompyuta yotchedwa MP3. Mu October 2001 kampani ya Apple ya ku America inatulutsa iPod, kamakina kokwana m'thumba la malaya, kosunga nyimbo 1,000. Pa funso lathu loyamba kanakhoza bwino ndithu, pakuti munthu anali kusankha nyimbo pozunguza chala pa kagudumu kamodzi. Pa funso lachiwiri kanalephera. Batire yake inali yotsekeredwa m'kati, ndipo thupi lake linalibe pomasulira. Batire yamtundu uwu imafooka pakapita zaka zochepa. Ogula atadandaula, mu 2003 kampaniyo inayamba kusinthira anthu batire pa mtengo wa madola 99. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Apple inaleka kupanga iPod mu 2022, chifukwa nyimbo zinali zitalowa m'mafoni.

Mwina mufunsa kuti zonsezi zikhudza bwanji sukulu ya kumudzi. Mu 2000 nthambi ya maphunziro a pa wailesi ya Unduna wa Maphunziro inayamba maphunziro otchedwa Learning at Taonga Market, pofuna kuthandiza ana amasiye ndi ena osowa malo m'sukulu za boma. Chongwe linali limodzi mwa maboma oyamba kumene maphunzirowa anayesedwa. Ana anali kusonkhana m'tchalitchi kapena pansi pa mtengo, pamodzi ndi mlangizi wodzipereka wa m'mudzi momwemo, kumvera phunziro la mphindi 30. Pamenepo wailesi inali mphunzitsi weniweni. Ikafa, kapena mabatire akatha, phunziro la tsiku limenelo linali kupita osabwereranso, ndipo mwana anali kutsalira m'kuwerenga.

Nchifukwa chake malo ambiri otere analandira mawailesi opukusa ndi dzanja. Nzeru imeneyi anaiyamba Trevor Baylis wa ku Britain mu 1991, ndipo mawailesi oyamba ogulitsa anapangidwa ku Cape Town. Onani kuti dzanja lopukusa la galamafoni linabweranso! Mu 2010 bungwe la Lifeline Energy linatulutsa Lifeplayer, makina ophatikiza wailesi ndi MP3, olandira mphamvu ku dzuwa kapena popukusa. Maphunziro amasungidwa pa kakhadi kakang'ono, motero mphunzitsi akhoza kuimitsa phunziro, kulibwereza, kapena kuliyamba ana atafika onse.

Mbiri iyi itiphunzitsa kuti kuchepa ndi kukongola kwa makina sikokwanira. Makina othandiza mudzi ndi amene dzanja la munthu wamba likhoza kuwayendetsa, ndipo dzanja la mmisiri wa pafupi likhoza kuwatsegula. Ngakhale maiko olemera azindikira zimenezi. Mu 2023 maiko a m'bungwe la European Union anakhazikitsa lamulo lakuti kuyambira mu February 2027 makina ambiri onyamula m'manja akhale ndi batire yoti mwini wake akhoza kuichotsa ndi kuikamo ina. Chimene akulamula tsopano, sefuliya ya 1949 inali nacho kale.

Aphunzitsi, sukulu yanu ikafuna kugula makina omvera maphunziro, funsani wogulitsa ngati batire yake imachoka, ndiponso ngati zipangizo zake zimapezeka m'Lusaka. Inu ana, mukafika kunyumba funsani agogo anu za wailesi yoyamba imene inafika m'mudzi mwanu. Inali ya yani? Inali kudya mabatire otani? Ikafa, anali kupita nayo kwa yani? Lembani mayankho awo m'makope anu, ndipo mudzawawerenge m'kalasi sabata ya mawa.