Mlendo ndi Mame: Mbiri ya Odzalera Nyama Zakutchire

Khoma la damu la Kariba litatsekedwa mu Disembala 1958, madzi a Zambezi anayamba kumiza chigwa cha Gwembe. Zitunda zinasanduka zilumba, ndipo pazilumbapo panaunjikana nswala, njiri, mbawala, anyani ndi zipembere, zikudya masamba mpaka mitengo kutsala yokhayokha. Boma la Southern Rhodesia linatuma Rupert Fothergill ndi kagulu kake kukaziwolotsa. Ntchitoyo, yotchedwa Operation Noah, inatha mu 1964 itapulumutsa nyama zoposa 6,000. Ankazikola ndi maukonde, kuzimanga miyendo n'kuzikweza m'mabwato. Poona kuti zingwe wamba zikucheka khungu, anapempha amayi kuti atumize masokosi awo a nayiloni, ndipo anafika ochuluka, ena ochokera kutsidya kwa nyanja, n'kupotedwa kukhala zingwe zofewa. Ku London, bungwe la Fauna Preservation Society linasonkhetsa ndalama. Mayi wa ku Ulaya amene anatumiza sokosi lake anamva ngati dzanja lake lagwira mwendo wa nswala. Chilakolako chomwecho n'chimene lero chimakweza achinyamata ndege kudzagwira ntchito yongodzipereka kumalo olerera nyama. Koma mbiri ikusonyeza kuti mphatso yeniyeni ya alendowa yakhala ndalama ndi kutchukitsa nkhani, pamene ntchito ya tsiku ndi tsiku yakhala m'manja mwa eni dziko.

Ku Kariba komweko, ambiri mwa amene ankathamangitsa nyama m'minga, kukoka maukonde ndi kulimbana ndi njiri m'madzi anali Aafirika, koma dzina limene linamveka ndi la mtsogoleri wawo. Pamene dziko lapansi linkamvera chisoni nswala, Atonga pafupifupi 57,000 ankasamutsidwa m'midzi yawo, kusiya minda yachonde ya m'mbali mwa mtsinje ndi manda a makolo. Mu 1958 apolisi anawombera ndi kupha asanu ndi atatu mwa amene ankakana kuchoka. Inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo damulo linali chinyadiro chake. Chilema chimenechi mwambo wodzalera nyama unabadwa nacho: chithunzi cha mlendo atanyamula kamwana ka nyama chimayenda kutali kuposa nkhani ya anthu okhala pafupi ndi nyamayo.

Chithunzicho chinakula ndi buku la Joy Adamson la Born Free la mu 1960 ndi filimu yake ya mu 1966, zofotokoza za mkango wotchedwa Elsa umene unaleredwa ku Kenya n'kubwezedwa kutchire. Mu 1971 ku America kunayamba bungwe limene tsopano ndi Earthwatch, lobweretsa njira yachilendo: munthu alipire yekha kuti akathandize asayansi pa kafukufuku wawo. Maulendo a pandege atatsika mtengo ndiponso intaneti itafala, njirayi inasanduka msika. Komabe kulera nyama sikufanana ndi ulendo wa milungu iwiri. Daphne Sheldrick anavutika zaka zambiri asanapeze mkaka umene mwana wa njovu angamwe osafa, ndipo chinsinsi chake chinali mafuta a kokonati. Ku bungwe limene anakhazikitsa mu 1977, olera ana a njovu ndi Akenya olembedwa ntchito. Amawamwetsa pakatha maola atatu alionse, usana ndi usiku, amawafunditsa mabulangete, amagona nawo m'khola, ndipo amasinthanasinthana kuti mwanayo asazolowere munthu mmodzi n'kudzadwala naye chisoni akachoka. Pamapita zaka njovuyo isanalowe yokha m'nkhalango ya Tsavo. Luso lotere limakhala ndi munthu amene adzakhalepo mawa ndi chaka chamawa.

Pamene msika unatsata zofuna za mlendo m'malo mwa zosowa za nyama, zinthu zinafika poipa. Ku South Africa kunachuluka mafamu oweta mikango, kumene ana ankalandidwa kwa amayi awo akadali akhanda. Achinyamata ochokera kunja ankalipira kuti aziwamwetsa mkaka wa m'botolo, atauzidwa kuti ndi amasiye odzabwerera kutchire. Filimu ya Blood Lions ya mu 2015 inaulula kuti mikango yambiri yotere ikakula imagulitsidwa kwa alenje oiwombera ili mumpanda, mafupa ake n'kutumizidwa ku Asia. Mu 2021 boma la dzikolo linalengeza cholinga chothetsa ulimi umenewu. Achinyamatawo sanali ankhanza. Anapusitsidwa ndi chifundo chawo chomwe, posadziwa kuti mkango wozolowera fungo la munthu njira yakutchire imautsekekera.

Wina anganene kuti uku n'kutaya bwenzi chifukwa cha zolakwa za ena, poti akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mfundoyi ili ndi mutu. Ku Chimfunshi, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue ku Zambia, David ndi Sheila Siddle analandira chimpanzi mmodzi wovulala mu 1983, ndipo lero kuli oposa 100. Ambiri sangabwerere kwawo, choncho ayenera kudya tsiku lililonse kwa zaka makumimakumi, ndipo ndalama za alendo zimathandiza kugula chakudyacho. Dokotala wa ziweto wodziwa kulumikiza phiko la nkhwazi akabwera n'kuphunzitsa anzake a kuno, kalumo kake kamatsala. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Mu 2020 mliri wa Covid-19 utaimitsa ndege, ongodziperekawo anazimiririka pamodzi ndi ndalama zawo, ndipo amene anapitiriza kusesa makola ndi kuduladula zipatso anali antchito a m'midzi yoyandikana. Ena amati mlendo akabwerera kwawo amakhala mlankhuli wa nyama zathu. Zimatheka ndithu, koma ngati akakasimba za kunyamula kamkango, ndiye kuti akuitanira anzake ku msika womwe uja.

Mwambowu suyenera kuthetsedwa, koma kuwongoledwa, ndipo njira yake ilipo kale. Ku Lilongwe Wildlife Centre ongodzipereka amalandiridwa, koma nyama siziseweretsedwa, chifukwa apusi ndi anyani olandidwa kwa ogulitsa m'misewu amaphatikizidwa m'magulu kuti akamasulidwe m'nkhalango monga ya Kasungu. Muyeso wake ndi mafunso awiri amene sanafunsidwe ku Kariba: kodi nyamayi ikathera kuti, nanga luso ndi malipiro zikutsalira yani? Mlendo amene angavomere kutsuka mbale ya pusi popanda kumugwira, n'kumvera malangizo a wolera amene wakhalapo zaka khumi, ameneyo wathandizadi, ngakhale abwerere kwawo wopanda chithunzi choonetsa.