Nyimbo Zimene Zidagonera: Mbiri ya Gulu la WITCH la ku Zambia

Akuluakulu adanena kuti mawu a akulu amakoma akagonera. Nyimbo zina nazonso zili ndi khalidwe lomweli. Zimabuka kwa kanthaŵi, anthu n'kuzivina mpaka fumbi kobo, kenaka zimazilala ngati moto wa mapesi. Koma pakapita zaka wina amafukula phulusa n'kupeza khala likadali lamoto. Izi ndizo zidachitikira gulu loyimba la WITCH la ku Zambia, limene lidatekesa achinyamata m'zaka za m'ma 1970, lidaiŵalika kwa zaka pafupifupi 30, ndipo lidadzamvekanso pamene nyimbo zake zakale zidatulutsidwa kachiŵiri. Mbiri ya gululi ikusonyeza kuti luso la mtundu wa anthu likhoza kutayika mosavuta ngati palibe wolisunga.

Kuti munthu amvetse chiyambi cha gululi, ayenera ayambe wadziŵa dera la migodi lotchedwa Copperbelt, kumene kuli mizinda ya Kitwe, Ndola, Chingola, Mufulira ndi Luanshya. Pamene Zambia idalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala 1964, mkuŵa ndiwo udali nsanamira ya chuma chake, pakuti magawo oposa 90 pa 100 alionse a ndalama zochokera ku malonda akunja ankabwera ndi mkuŵawo. Migodi idakoka anthu a mitundu yosiyanasiyana: Abemba, Alozi, Atonga, Ansenga, Acheŵa, ngakhalenso ena ochokera ku Malaŵi ndi ku Tanzania. Onseŵa ankakhala moyandikana m'makomboni, ndipo kampani za migodi zidaŵamangira mabwalo a maseŵero ndi nyumba za zisangalalo. Mwezi ukatha, wapantchito ankatha kugula wayilesi kapena galamafoni. M'masitolo munkapezeka mbale za oyimba a ku Mangalande ndi ku Amereka monga The Beatles, The Rolling Stones ndi Jimi Hendrix. M'chaka cha 1970 James Brown mwini wake adafika ku Zambia n'kuyimba pamaso pa chinamtindi cha anthu.

Anyamata a m'makomboni sadakhutire ndi kumvera kokha. Ankakhoma mabanjo a zitini za mafuta, n'kumayeserera nyimbo zimene ankazimva pa wayilesi. Mmodzi mwa anyamata otereŵa adali Emmanuel Chanda, amene adakulira ku Chamboli mu mzinda wa Kitwe. Chifukwa cha kavinidwe kake ndi kayimbidwe kake, anzake ankamufanizira ndi Mick Jagger wa gulu la The Rolling Stones, ndipo dzinalo lidapindika m'kamwa mwa anthu mpaka kusanduka Jagari. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Jagari adaloŵa m'gulu limene poyamba linkatchedwa Kingston Market, ndipo pambuyo pake lidatenga dzina lakuti WITCH. M'Chingerezi liwuli limatanthauza mfiti, koma zilembo zake zisanu zidadzapatsidwanso tanthauzo lina lakuti We Intend To Cause Havoc, ndiye kuti, cholinga chathu n'kuutsa chipwirikiti. Pamodzi ndi Jagari padali Chris Mbewe ndi John Muma oyimba magitala, Gedeon Mulenga wa gitala ya besi, Boidi Sinkala wa ng'oma, ndiponso Paul Mumba woyimba limba la magetsi.

Nyimbo zawo zinkadziŵika msanga ndi kulira kwa gitala. Woyimba ankaponda kabokosi kolumikizidwa ndi nthambo pakati pa gitala ndi chokuzira mawu, ndipo kabokosiko kankasasitsa liwu la gitala kuti lizimveka ngati mavu otsekeredwa m'chitini. Luso limeneli adaliphunzira kwa oyimba akunja. Koma ng'oma zinkagunda mwa kwawo, ndipo m'kupita kwa nthaŵi mayimbidwe a m'midzi adayamba kumveka kwambiri pansi pa magitala aja. Msakanizo umenewu ndiwo udapatsidwa dzina lakuti Zamrock. Magulu enanso adayenda njira yomweyi. Padali Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga. Padali Amanaz la ku Kitwe, limene lidatulutsa chimbale chotchedwa Africa mu 1975. Padalinso Ngozi Family la Paul Ngozi, amene nyimbo zake zambiri ankaziyimba m'Chinyanja cha ku Lusaka, ponena za mavuto a anthu wamba a m'makomboni.

Kujambula nyimbo masiku amenewo idali ntchito ya thukuta. Chimbale choyamba cha WITCH, chotchedwa Introduction, chidajambulidwa ku Chingola, ndipo tepi yake idachita kupita ku Nairobi m'dziko la Kenya kuti akadinde mbale. Zinthu zidayamba kupepuka pamene kampani ya Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo ndi ya Teal, zonse za ku Ndola, zidayamba kutulutsa nyimbo za oyimba a m'dzikomo. Motero WITCH idatulutsa In the Past mu 1974, Lazy Bones!! mu 1975, Lukombo Vibes mu 1976, ndi chimbale chachisanu mu 1977, mmene mudali nyimbo yotchuka yotchedwa Janet. Maina a zimbalezi okha akuonetsa ulendo wa gululi: lidayamba ndi Chingerezi chokhachokha, koma pofika mu 1976 lidasankha liwu la Chibemba lakuti lukombo, kutanthauza chikho chomwera. Boma nalo lidathirapo ndemanga. Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene iwo eni ankayimba gitala, adalamula chapakati pa zaka za m'ma 1970 kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wayilesi zikhale za ku Zambia. Cholinga chawo chidali kulimbikitsa chikhalidwe cha dzikolo, ndipo oyimba a Zamrock adapezerapo msika waukulu.

Amene adali achinyamata m'zaka zimenezo, omwe lero ndi agogo a imvi, amakumbukira madansi a WITCH mwachimwemwe chosakanizika ndi chisoni. Amakumbukira mabuluku otambalala kumapazi, nsapato zazitali zidendene, ndi tsitsi lopesedwa mpaka kuima ngati chisa cha njuchi. Amakumbukira kusunga timakobidi sabata yathunthu kuti Loŵeruka akaloŵe m'holo, ndi kubwerera kunyumba tambala atalira, miyendo ili lendelende. Koposa zonse amakumbukira Jagari, amene pa nsanja sankakhazikika: ankalumpha, kudzigwetsa, kukuwa, n'kudzambatukanso ngati wagwidwa ndi mizimu. Kwa makolo ambiri zimenezi zidali phokoso la ana osamva. Kwa anawo lidali liwu la dziko latsopano, dziko limene linkakhulupirira kuti chilichonse chimene mzungu angachite, mwana wa wokumba mgodi angathenso kuchichita, mwinanso kuposa.

Koma ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Nkhonya yoyamba idachokera ku chuma. Mtengo wa mafuta a galimoto udakwera kwambiri mu 1973, ndipo pofika mu 1975 mtengo wa mkuŵa udali utagwa pa msika wa dziko lonse. Munthu amene akusoŵa ndalama ya ufa sangagule chimbale. Nkhonya yachiŵiri idachokera ku nkhondo. Zambia inkasunga omenyera ufulu wa maiko oyandikana nawo, ndipo asilikali a boma la azungu la Rhodesia adayamba kuloŵa m'dzikomo kudzaŵathira nkhondo. Mu Okutobala 1978 ndege zawo zidaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo mu Epulo 1979 adaphwanya nyumba ya Joshua Nkomo mu mzinda womwewo. Boma lidaika lamulo loletsa kuyenda usiku ndi lozimitsa magetsi. Gulu lodalira madansi a usiku lidatsala ngati msodzi wopanda nyanja. Pa nthaŵi yomweyo makutu a anthu adatembenukira ku nyimbo za disiko, kenaka ku kalindula. Jagari adachoka m'gululo n'kukaphunzira za uphunzitsi ku Evelyn Hone College ku Lusaka. Otsalawo, pamodzi ndi woyimba limba watsopano Patrick Mwondela, adasinthira ku disiko ndipo adatulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984, kenaka gulu lidabalalika.

Nkhonya yachitatu ndiyo idali yoŵaŵa kuposa zonse. M'zaka za m'ma 1980 mliri wa Edzi udaloŵa m'dzikomo, osasiya nyumba ya wosauka kapena ya wolemera. A Kaunda adaulula poyera mu 1987 kuti mwana wawo adamwalira ndi matendaŵa. Mliriwu udakolola oyimba ambiri a m'badwo wa Zamrock akadali ndi mphamvu zawo. Paul Ngozi adamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Mwa anyamata amene adajambula zimbale zisanu zoyamba za WITCH, amene adafika m'nyengo ya kutulutsidwanso kwa nyimbozo adali Jagari yekha. Iye adaphunzitsa sukulu kwa zaka zingapo, ndipo pambuyo pake adapita kutchire kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja lake.

Oyimba atatha, nyimbo nazo zidayamba kutha. Makaseti okopera mwakuba adagwetsa malonda a kampani zodinda mbale mpaka zidatseka. Magalamafoni adafa, singano zake osapezekanso m'masitolo. Mbale zidakandikakandika, zina zidapindika ndi dzuŵa, zina ana adaziyesa zoseŵeretsa. Tepi nayonso ndi chinthu chosalimba: ikakhala malo otentha ndi achinyontho imachita nkhungu, imamatana, ndipo utoto wake wosunga mawu umasupuka. Pofika m'chaka cha 2000, mwana wobadwira ku Kitwe akadatha kukula osamvapo n'kamodzi komwe nyimbo zimene zidavinitsa amayi ake ndi abambo ake.

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anthu okonda kusonkhanitsa mbale zakale ku Ulaya ndi ku Amereka adayamba kupeza zimbale zoŵerengeka za Zamrock, ndipo adadabwa ndi zimene adamva. Kampani ya Shadoks ya ku Germany idadindanso zina mwa izo. Kenaka Eothen Alapatt, mwini kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, adalumikizana ndi a Rikki Ililonga ndi a Jagari kuti atulutse nyimbozo mwa chilolezo cha eni ake. Mu 2010 kampaniyi idatulutsa nyimbo za a Ililonga ndi Musi-O-Tunya m'chimbale chotchedwa Dark Sunrise. Mu 2012 idatulutsa bokosi la zimbale zonse zisanu zoyamba za WITCH, pamodzi ndi kabuku ka zithunzi ndi mbiri ya gululo. Mu 2017 idatulutsanso zimbale ziŵiri zotchedwa Welcome to Zamrock! zimene zidasonkhanitsa magulu ambiri a nyengo ija. Ntchito yotere imafuna kufatsa. Akatswiri amafunafuna tepi yoyambirira, ndipo ikasoŵa amatenga mbale yosakandika kwambiri. Amasamutsira mawu ake pa kompyuta, n'kuchotsa kuthetheka ndi mkokomo wa ukalamba, koma mosamala kuti asaphe kusasa kwa gitala kumene kuli moyo wa nyimbozo.

Zotsatira zake zidaposa zimene aliyense ankayembekezera. Kwa okalamba, kumvanso Lazy Bones!! kudali ngati kulandira kalata yochokera kwa bwenzi limene adaliika m'manda kalekale. Liwu la gitala ya Chris Mbewe lidabwerera lili lanyamata monga lidalili mu 1975. Kwa a Jagari, chidali chiyambi cha moyo wachiŵiri. Mu 2017 iwo ndi a Mwondela adayendera maiko a ku Ulaya pamodzi ndi oyimba achinyamata monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Mu 2019 Gio Arlotta wa ku Italy adatulutsa kanema wa mbiri yawo. Mu 2023, patapita zaka 39 chitulutsire Kuomboka, WITCH idatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango, chimene chidajambulidwa ku dB Studios ku Lusaka, malo omwewo amene adajambulirako Lazy Bones!! Mu 2025 padabweranso china chotchedwa Sogolo, dzina limene aliyense wolankhula Chicheŵa angalimve msanga. Achinyamata nawo adatola mkondo: Sampa the Great, woyimba wobadwira ku Zambia, adayimba nawo mu Zango, ndipo mu 2024 woyimba wa ku Amereka Tyler, the Creator adaika chidutswa cha nyimbo ya Chinyanja ya Ngozi Family m'nyimbo yake yotchedwa Noid, kotero kuti liwu la Paul Ngozi lidamveka m'maiko amene mwini wake sadapondeko.

Nkhaniyi ndi yokondweretsa, komabe ili ndi funso lobaya mtima. Chifukwa chiyani padafunika munthu wa kutsidya kwa nyanja kuti chuma cha ku Kitwe chidziŵikenso? Yankho lake lagona pa umphaŵi ndi maliro zimene zidagwera m'badwo uja, komanso pa chizoloŵezi choyesa chinthu chakale ngati chopanda ntchito. Nyimbo za WITCH zidapulumuka chifukwa anthu oŵerengeka adasunga matepi ndi mbale pamene ena onse ankazitaya. Magulu ena a nyengo yomweyo adalibe mwayi wotere, ndipo madzi akatayika saoleka.

Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Ku Malaŵi, kuyambira mu 1964, nyumba youlutsira mawu ya MBC ndiyo kwa zaka zambiri idali malo aakulu ojambulirako nyimbo, ndipo luso la oyimba monga Alan Namoko, Daniel Kachamba ndi gulu la MBC Band lidadalira matepi ofooka omwe aja. M'midzi ndi m'matauni mukadali masutikesi a agogo mmene mwagona makaseti, mbale ndi zithunzi zimene palibe buku lililonse lidazilemba. Wophunzira amene angatsegule sutikesi yotere, n'kufunsa mwini wake kuti woyimbayo adali yani, ankayimbira kuti, ndipo chidali chaka chanji, kenaka n'kulemba mayankhowo, wayamba kale ntchito ya wolemba mbiri. Ntchitoyo njofunika kuigwira eni nkhani akadali moyo.