Nkhondo ya Chiwaya

Ukalowa mu msika wa Lilongwe masana kuchokera mbali ya kudepoti, chimayamba kukulonjera ndi utsi wa pachiwaya. Uyu akutembenuza tchipisi, uyo akuduladula nyama ya mbuzi, mafuta ali thethethe. Anyamatawa ambiri sadziwa kuti dzina la chitsulo chimene chikuwadyetsacho ndi lomwe makolo athu anatcha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mfuti yolavula zipolopolo mosapumira ankaitcha chiwaya, ndipo amene anamvapo chimanga chikuthetheka pachiwaya chotentha safunsa chifukwa chake. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inangodziwika kuti Nkhondo ya Chiwaya, ndipo amene anaisenza anali a msinkhu wa okazinga tchipisi omwewa.

Chiyambi cha usilikali wa kuno n'chakale kuposa boma la Lilongwe. Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi mu 1891, anabweretsa asilikali achi Sikh ochokera ku India, n'kuyamba kulemba Atonga ndi Ayao kuti aziwathandiza. Gululo linakula n'kutchedwa Central Africa Rifles. Mu 1898 linamenyana ndi Angoni a Mpezeni, ndipo linga lake lina linamangidwa ku Fort Manning, komwe lero ndi ku Mchinji. Mu 1900 ana a dziko lino anali atafika kale ku Ashanti, ku Ghana wa lero, kukamenya anthu amene sanawalakwire kanthu. Mu 1902 munabadwa King's African Rifles, KAR, ndipo batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali za Nyasaland, likulu lake ku Zomba. Nthawi imeneyo Lilongwe anali kamalo ka m'mbali mwa mtsinje, kamene kanasanduka boma mu 1904, panjira yochokera ku Dedza kupita ku Fort Jameson.

Nkhondo itabuka ku Ulaya mu Ogasiti 1914, kuno inafika msanga, poti Tanganyika anali m'manja mwa Ajeremani. Mwezi womwewo sitima ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la kutsidya kwa nyanja. Pa 9 Sepitembala magazi anakhetsedwa ku Karonga. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene amphawi, opanda kalikonse m'dziko, ayenera kufera nkhondo ya olemera n'kusiya amasiye. Boma linatsekereza kalatayo, ndipo mu Januwale 1915 iye anaukira.

Funso lakelo linali loona, ndipo linafika pakhomo lililonse. Amene anavala yunifomu anali pafupifupi 19,000. Koma asilikali sayenda opanda ufa, zipolopolo ndi matenti, ndipo kumene kunkamenyedwa nkhondo kunalibe misewu, ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu. Amuna pafupifupi 200,000, m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, anagwira ntchito ya mtengatenga.

Apa ndi pamene mnyamata wa m'midzi yozungulira Lilongwe analowera m'mbiri. Mfumu inkauzidwa chiwerengero cha amuna ofunika, ikalephera inkaona zakuda. Amesenjala ankafika m'bandakucha, anthu ali m'tulo. Ena ankathawira kuthengo ndi kumapiri, ena kuwoloka malire. Wogwidwa ankamusenzetsa katundu woposa makilogalamu 20, n'kuyamba ulendo wapansi wolowera kumpoto, wopanda nsapato, kansalu kamodzi m'chiuno. M'mapiri ozizira a kumwera kwa Tanganyika ambiri anafa ndi chibayo, kamwazi ndi njala, chipolopolo asanachione n'komwe. Mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anawazunguza mpaka ku Mozambique, n'kudzagonja ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918. Otsala pobwerera kumudzi anapeza minda itagonera, ndipo mliri wa fuluwenza unali nawo m'njira yomweyo.

Chinanso chimene anabwera nacho timachiona mpaka lero osachizindikira. Mganda wa kuno pakati, malipenga a m'mbali mwa nyanja ndi beni wa Ayao ndi perete wa asilikali amene analowa m'bwalo: kabudula woyera wosita bwino, masokosi ofika m'mawondo, mizere yowongoka, zipanda zolira ngati lipenga. Ine ndimaona kuti magulewa anasunga anyamatawo bwino kuposa mabuku a boma.

Itabwera nkhondo yachiwiri mu 1939, ana a amtengatenga aja ndiwo analembedwa, pafupifupi 28,000. Ena anakopeka ndi malipiro ndi yunifomu, ena anathawa msonkho, ena anachita kuperekedwa ndi mafumu. Malole anawatenga kupita nawo ku Kenya. Mu Julaye 1940 kagulu ka batalioni yoyamba kanalimbana ndi Ataliyana ochuluka pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, mpaka kanazemba usiku. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu linachokera pamenepo. Anamenya ku Somaliland, ku Ethiopia ndi ku Madagascar, kenako anakwera sitima zapamadzi kudzera ku Ceylon mpaka ku Burma. Mu 1944 anatsika chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, matope m'mawondo, misundu ikuyamwa miyendo, malungo akugwetsa anthu, mpaka anafika pa mtsinje wa Chindwin. Talingalirani mwana wa ku Nsaru kapena ku Nathenje, amene madzi aakulu omwe ankawadziwa anali a Lilongwe ndi Linthipe, ali m'nkhalango akusakana ndi Mjapani.

Ndili mwana, kumudzi kwathu kunali gogo wina amene anabwerako ku Burma. Mamendulo ake ankawasunga m'kachitini ka fodya, ndipo ankawavala pamaliro a mnzake wa kunkhondo basi. Tikamufunsa za nkhondo ankatiuza za mpunga, za njovu zonyamula mitengo, za kukula kwa nyanja yamchere. Za kuwombera sankanena. Ankalima kamunda kake ngati wina aliyense, jekete lake la khaki lili zigamba zokhazokha.

Lero pafupi ndi Capital Hill pali chipilala chachitali chokumbukira omwalira pankhondo. Lamulungu lachiwiri la Novembala akuluakulu amaikapo nkhata za maluwa, lipenga limalira, anthu n'kukhala chete mphindi ziwiri. Mwambowo ndi woyenera. Chimene chimandiwawa n'chakuti amtengatenga ambiri alibe manda odziwika ngakhale dzina lolembedwa penapake. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri mwa iwo a kuno ku Africa, amene anafa pa nkhondo yoyamba ija sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu.

Pochoka kuchipilalako chaka chatha ndinadzera kumsika. Pa ulalo wina wamitengo wowolokera mtsinje wa Lilongwe ndinapatukira mnyamata wosenza thumba la mbatata, khosi litalowa m'mapewa, patapata wina atamanga ndi waya. Mwini katundu anali kumbuyo kwake akumufulumizitsa.