Mutu waching'alang'ala: zizindikiro zake ndi nthawi yothamangira kuchipatala

Mutu waching'alang'ala ndi matenda a mu ubongo amene amabwera mobwerezabwereza. Mutu umagunda ngati mtima, kawirikawiri mbali imodzi, ndipo ululu umakula munthu akamayenda, kuwerama kapena kulima. Wodwala amamva nseru, ena amasanza, ndipo kuwala, phokoso ndi fungo lamphamvu zimamusowetsa mtendere. Popanda mankhwala, ululuwu umatenga maola 4 mpaka 72.

Padziko lonse, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7 aliwonse ali ndi vutoli. Nthawi zambiri limayamba munthu akatha msinkhu, limayendera kumtundu, ndipo limagwira amayi ambiri kuposa abambo pafupifupi katatu.

Zizindikiro zotsogola

Tsiku limodzi kapena awiri mutu usanayambe, ena amayasamula pafupipafupi, amapsa mtima msanga kapena amalakalaka zotsekemera.

Ena amakumana ndi zizindikiro zoopsa kwambiri, zimene madokotala amazitcha aura. Munthu amaona timizere tokhotakhota tothwanima, kapena mbali ina ya chinthu chimene akuyang'ana imasowa. Dzanzi limayamba kuzala, kukwera mkono mpaka kufika pamilomo ndi lilime. Mawu amasokonekera, munthu n'kulephera kutchula dzina la chinthu chimene akuchidziwa bwino. Ena amachita chizungulire, ndipo ochepa amaona zinthu zitachepa kapena zitakula, kapenanso amafooka mbali imodzi ya thupi. Chizindikiro chilichonse chimatenga mphindi 5 mpaka 60, kenako mutu umayamba. Kwa ena mutu supweteka n'komwe.

Si ufiti ndipo si misala. Mu 1944, wasayansi wa ku Brazil, Aristides Leão, anapeza kuti mu ubongo mungabuke kafunde ka mphamvu kamene kamayenda pafupifupi mamilimita 3 pa mphindi, n'kumasiya malo amene kadutsa atazizira ntchito kwa kanthawi. Kakadutsa kumbuyo kwa ubongo, kumene kumayendetsa kuona, maso ndiwo amasokonezeka. Kuyenda kwake kwapang'onopang'ono ndi chifukwa chake zizindikiro zimabwera motsatizana.

Kusiyanitsa ndi matenda ena

Apa ndi pofunika kusamala. Aura imafalikira pang'onopang'ono n'kutha yokha, pamene sitiroko imagwa mwadzidzidzi: kamwa imapotoka, mkono umagwa, mawu amamangika. Komabe kunyumba n'kovuta kutsimikiza. Wodwala atengeredwe kuchipatala msanga ngati:

- zizindikirozi zamuchitikira koyamba, kapena zapitirira ola limodzi;
- mkono kapena mwendo wafooka;
- mutu wayamba mwadzidzidzi ndi ululu umene sanaumvepo;
- thupi latentha, khosi lauma, wakomoka kapena wasokonezeka maganizo, popeza angakhale malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi;
- ndi mayi woyembekezera amene mutu ukumupweteka kwambiri ndipo sakuona bwino;
- mutu wayamba atagwa kapena kumenyedwa, kapena wayamba koyamba ali ndi zaka zoposa 50.

Zimene zimaudzutsa

Zimasiyana munthu ndi munthu. Zodziwika ndi njala, ludzu, kusagona mokwanira, nkhawa, dzuwa lowala kwambiri, mowa, utsi, fungo lamphamvu komanso nthawi ya kumwezi. Kwa mlimi amene amalawirira kumunda osadya kanthu n'kugwira khasu mpaka dzuwa lili paliwombo, zingapo mwa izi zimakumana tsiku limodzi. Kudya kanthu m'mawa, kunyamula madzi, kuvala chipewa ndi kupuma pamthunzi masana kumathandiza. Kulemba masiku amene mutu wapweteka, ndi zimene zinachitika dzulo lake, kumathandiza wodwala ndi dokotala kuzindikira choyambitsa.

Chithandizo

Palibe mankhwala ochiziratu, koma matendawa amatheka kuwachepetsa. Paracetamol, ibuprofen kapena aspirin amagwira bwino akamwedwa mutu ukangoyamba, wodwala n'kugona m'chipinda cha mdima, chopanda phokoso, ataika nsalu yonyowa pamphumi. Aspirin asapatsidwe ana, ndipo oyembekezera ndi amene ali ndi zilonda za m'mimba ayambe afunsa azaumoyo asanamwe aspirin kapena ibuprofen.

Kumwa mankhwala opha ululu masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi kumabweretsa mutu wina wa tsiku ndi tsiku. Amene amadwala kangapo pamwezi angapatsidwe kuchipatala mankhwala oteteza, monga propranolol kapena amitriptyline.

Mayi amene amakhala ndi aura anene zimenezi akamasankha njira yakulera. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amaletsa mapiritsi okhala ndi estrogen kwa amayi otere chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, makamaka kwa osuta fodya. Njira zina monga jakisoni, kachipangizo ka pamkono ndi lupu zilipo.

Apabanja nawonso ali ndi gawo lawo. Wodwala akagona masana nthawi yopalira, si ulesi. Kumusiya apume lero ndiko kumuthandiza kubwerera kumunda mawa.