Kafukufuku wa zaumoyo: ulendo wochoka ku Gulupu kukafika ku Phalombe

Mayi wa ku Phalombe akapita kusikelo ndi mwana wa miyezi isanu, mwanayo amabayidwa katemera wa malungo. Akakwanitsa miyezi isanu ndi inayi amalandiranso wa tayifodi. Chaka cha 2019 chisanafike, akatemera awiriwa padalibe pa ndondomeko ya katemera wa ana m'dziko muno. Onse awiri adayamba ayesedwa pa ana a ku Malawi konkuno, ndipo pantchitoyo padali madotolo, anamwino ndi akadaulo a m'labotale ogwira ntchito limodzi ndi sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri amangoitchula kuti KUHeS.

Kafukufuku wa mtunduwu ali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi yoyesa mankhwala, katemera kapena chipangizo pa anthu amene avomera mwa kufuna kwawo, kuti zidziwike ngati chikuthandizadi komanso ngati sichikuvulaza. Mbali yachiwiri ndi yonyamula zimene zapezeka m'labotale kapena m'chipatala chachikulu n'kuzisandutsa chithandizo chimene mlangizi wa zaumoyo kumudzi angapereke ndi zipangizo zimene ali nazo. Mbali yachiwiriyi ndiyo imachedwa, ndipo ndi imene ikukhudza kwambiri maboma onga Phalombe.

Kumene zidayambira

KUHeS idayamba kugwira ntchito payokha mu May 2021, itapangidwa pophatikiza makoleji awiri amene kale adali nthambi za University of Malawi: Kamuzu College of Nursing, yomwe idatsegulidwa mu 1979, ndi College of Medicine, yomwe idatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre. Mkulu wake woyamba ndi Pulofesa MacPherson Mallewa, dotolo wa matenda a ubongo a ana. Ophunzira ake amaphunzirira kwambiri pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu, ndipo ndi pozungulira chipatalachi pamene pamangidwa mabungwe ambiri a kafukufuku.

Ena mwa mabungwewa ndi akale kuposa sukuluyo. Blantyre Malaria Project idayamba m'zaka za m'ma 1980, pamene Terrie Taylor wa ku Michigan State University ndi Malcolm Molyneux ankasamalira ana okomoka ndi malungo. Mu 1989 iwo adafalitsa njira yoyezera kuya kwa chikomokere mwa mwana wosatha kuyankhula, yomwe mpaka lero imadziwika padziko lonse ndi dzina lakuti Blantyre Coma Score. Gulu lomweli, litapeza makina a MRI mu 2008, lidaonetsa mu 2015 kuti ana ambiri amene amafa ndi malungo a muubongo amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma. Malawi-Liverpool-Wellcome Programme idakhazikitsidwa mu 1995, ndipo tsopano imatsogoleredwa ndi Mmalawi, Pulofesa Henry Mwandumba. Palinso Johns Hopkins Research Project, yomwe yathandiza kwambiri pa nkhani yoteteza ana ku HIV yochokera kwa mayi, ndi Malaria Alert Centre.

Akatemera awiri

Katemera wa malungo wa RTS,S adapangidwa koyamba mu 1987 ndi kampani imene lero ndi GSK. Pakati pa 2009 ndi 2014 adayesedwa pa ana pafupifupi 15,000 m'maiko asanu ndi awiri a mu Africa, ndipo amodzi mwa malo oyeserawo adali ku Lilongwe, pansi pa UNC Project. Zotsatira zake zidali zapakatikati: mwa ana olandira katemera kanayi, matenda a malungo adachepa ndi pafupifupi anayi pa khumi alionse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO silidafulumire kuvomereza. Lidafuna kudziwa ngati amayi angabwerere kusikelo kanayi konse, ngati katemerayu sangachititse anthu kutaya masikito, komanso ngati palibe vuto limene lidabisika pa kuyesa koyamba.

Mayankho a mafunsowa sakadapezeka m'labotale. Pa 23 April 2019 Malawi idakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayu kudzera m'sikelo wamba, Ghana ndi Kenya zikutsatira. Phalombe idali limodzi mwa maboma 11 osankhidwa. Ana ankalandira pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22, ndipo akatswiri a College of Medicine adali m'gulu lotsata mmene zinthu zikuyendera, kuwerenga ana ogonekedwa m'zipatala ndi amene amwalira m'midzi. Mu October 2021 WHO idavomereza katemerayu, ndipo pomaliza pa ntchitoyi zidapezeka kuti m'madera olandira katemera m'maiko atatuwa, imfa za ana a msinkhu woyenera zidatsika ndi 13 pa 100 alionse. Umboni umene maiko ena a mu Africa akudalira lero udachokera, mwa zina, m'mabuku a kusikelo a ku Phalombe.

Wa tayifodi ulendo wake udali waufupi. Kuyambira mu February 2018, ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa adalowa m'kafukufuku wotsogoleredwa ndi Pulofesa Melita Gordon. Mu 2021 zidadziwika kuti katemerayu amateteza ana pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi alionse. Mu May 2023, patangopita miyezi iwiri namondwe wa Freddy atasakaza Phalombe, Mulanje ndi maboma ena a kummwera n'kuwononga mijigo ndi zimbudzi, unduna wa zaumoyo udabaya ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15 m'dziko lonse. Pa zaka zisanu zokha, chinthu chidachoka pa kuyesedwa n'kukhala chithandizo cha boma, liwiro limene silichitika kawirikawiri.

Phunziro la ku Salima

Si zonse zimayenda chonchi, ndipo nkhani ya makina othandiza ana kupuma ndi yofunika kuilingalira mofatsa. Akatswiri a ku Rice University ku America, mogwirizana ndi madotolo a pa Gulupu kuphatikizapo Kondwani Kawaza, adapanga makina otsika mtengo otchedwa Pumani, amene amapopera mpweya pang'onopang'ono m'mphuno mwa khanda lobanika. Zotsatira zofalitsidwa mu 2014 zidaonetsa kuti makanda 71 mwa 100 alionse oikidwa pa makinawa adapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa olandira mpweya mwa njira yakale. Makinawa adagawidwa m'zipatala za maboma. Kumeneko phindu lidaoneka ndithu, koma lochepa kusiyana ndi la pa Gulupu, ndipo chimodzi mwa zifukwa chidali chakuti makanda ambiri ankakhala atazizidwa kwambiri, vuto limene makina opumira sangathetse.

Kenaka kafukufuku wina, wogwiritsa ntchito makina a mtundu womwewu koma a kampani ina, adachitika pa chipatala cha boma la Salima pa ana okulirapo odwala chibayo choopsa. Kumeneko kudalibe dotolo woyendera anawo tsiku lililonse, monga zilili m'zipatala zambiri za maboma. Zotsatira za mu 2019 zidadabwitsa ambiri: mwa ana oikidwa pa makina, 17 mwa 100 alionse adamwalira, pamene mwa olandira mpweya wamba adamwalira 11. Kafukufukuyo adaimitsidwa nthawi yake isanakwane.

Tanthauzo lake ndi lakuti chimene chayenda bwino pa chipatala chophunzitsira, pamene pali akatswiri usana ndi usiku, chikhoza kulephera kapena kuvulaza pamene namwino mmodzi akuyang'anira wodi yonse. Choncho sukulu ya zaumoyo imene kafukufuku wake amathera mumzinda wa Blantyre imangodziwa theka la nkhani. Kulimbikitsa kafukufuku, pamenepa, kukutanthauza kuika anthu ophunzitsidwa, zipangizo zoyezera ndi kalembera wabwino wa odwala m'zipatala za maboma momwemo.

Phalombe ili ndi mafunso ake. Bomali, lomwe lidapatulidwa ku Mulanje mu 1998 ndipo lili ndi anthu oposa 400,000, lidakhala zaka zambiri likudalira chipatala cha mishoni cha Holy Family, mpaka chipatala cha boma chidatsegulidwa ku Migowi mu 2022. Kumpoto kwake kuli nyanja ya Chilwa, komwe asodzi amakhala masabata ambiri pa zimbowera. Kolera itabuka kumeneko, mu 2016 unduna wa zaumoyo ndi Médecins Sans Frontières adayesa njira yatsopano: katemera wa kolera wakumwa amafunika kawiri, koma msodzi sangabwerere kumtunda pa tsiku loikika, choncho ena ankapatsidwa botolo lachiwiri kuti akamwe okha patapita masabata awiri. Funso ngati limeneli limabadwa kwa munthu amene wafika pa gombe n'kuona mmene anthu akukhalira.

Ndalama, anthu ndi chikhulupiriro

Chofooka chachikulu cha kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno ndi gwero la ndalama zake. Pafupifupi ntchito zonse zatchulidwa pamwambazi zidalipiridwa ndi mabungwe akunja monga Wellcome, National Institutes of Health ya ku America, Gavi ndi Gates Foundation. Wopereka ndalama amakhala ndi mawu pa funso loti lifufuzidwe, n'chifukwa chake malungo, HIV ndi chifuwa chachikulu zafufuzidwa kwambiri pamene shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a maganizo zatsalira. Kalekale mu 1990, komiti ya akatswiri padziko lonse idalangiza maiko osauka kuti aziika 2 pa 100 alionse a ndalama za zaumoyo ku kafukufuku. Boma la America litaimitsa thandizo lambiri lakunja kumayambiriro kwa 2025, kuopsa kodalira thumba la mnzako kudaonekera poyera.

Pa nkhani ya anthu pali kusintha. M'zaka zoyambirira, otsogolera kafukufuku ambiri adali alendo, Amalawi akugwira ntchito yotolera magazi ndi kulemba mafomu. Lero pali Amalawi odziwika kunja pa ntchito zawo, monga Pulofesa Don Mathanga pa malungo, Pulofesa Adamson Muula pa umoyo wa anthu onse, ndi Augustine Choko, yemwe kafukufuku wake ku Blantyre adathandiza kuti WHO ivomereze mu 2016 kuti munthu akhoza kudziyeza yekha HIV. Vuto limene latsala ndi nthawi: dotolo yemweyo ayenera kuona odwala, kuphunzitsa ndi kufufuza, ndipo kafukufuku ndiye amayamba kutayidwa ntchito ikachuluka.

Palibe kafukufuku wa pa anthu amene amayamba popanda chilolezo. Ku KUHeS kuli komiti ya COMREC, ku unduna wa zaumoyo kuli National Health Sciences Research Committee, ndipo kuyesa mankhwala kumafunanso chilolezo cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Munthu wopemphedwa kulowa m'kafukufuku ayenera kufotokozeredwa m'chiyankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokana popanda kutaya chithandizo chake, ndipo akhoza kutuluka nthawi ina iliyonse. Kwa mwana, amavomera ndi kholo kapena womulera.

Chilolezo cha papepala sichikwanira pachokha. Mu September ndi October 2017, mphekesera za anamapopa zidafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu angapo adaphedwa, United Nations idachotsa antchito ake ku Phalombe ndi Mulanje, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kuyenda ndi zida zawo m'midzi. Kafukufuku wambiri amafuna kutenga magazi, ndipo m'dera lotere wofufuza amayenera kuyambira kwa mfumu, kwa atsogoleri a mipingo ndi ku komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kufotokoza kuchuluka kwa magazi amene atengedwe, kumene apite ndi chimene akayezedwe. Pasanathe zaka ziwiri chichitikireni zimenezi, amayi a m'boma lomwelo adayamba kufola kusikelo ndi ana awo kuti alandire katemera wa malungo.