Tisanabwere ife kunali a Mombera: tiwatchule maina

Anzanga, mukudziwa zimene timachita pa msonkhano wa kalabu tikataya mnzathu. Wapampando amati tiyeni tiimirire, timakhala chete mphindi imodzi, wina amapemphera, kenaka timakhala pansi n'kupitiriza nkhani ya masonkhedwe. Chaka chikatha dzina lija limatchulidwa mwa apo ndi apo. Pakatha zaka zisanu, olowa kumene amafunsa kuti, "Ameneyo anali ndani?" Si nkhanza ayi, mutu wa munthu ndi mmene ulili. Ndiye mwezi uno lolani ndikubwezeni m'mbuyo zaka zoposa 100, kwa anthu a m'boma lathu lino amene anasonkhana popanda malipiro kuti atumikire dera lawo, ndipo onse anatisiya kalekale.

Gulu lawo linkatchedwa Mombera Native Association, ndipo linayamba mu 1920. Dzina loti Mombera lisakusokonezeni. Ndi mmene azungu ankalembera dzina la M'mbelwa, ndipo boma lonse la Mzimba nthawi imeneyo ankalitchula choncho.

Kuti mumvetse chimene chinawasonkhanitsa, yambani ndi chaka cha 1904. Chaka chimenecho Alfred Sharpe, mkulu wa boma la atsamunda, anakumana ndi mafumu a Angoni ndipo dziko lino linalowa pansi pa ulamuliro wa Britain, popanda nkhondo. Mafumu anamva kuti ulemu wawo usungidwa. Patapita zaka khumi nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka, ndipo inafika mpaka ku Karonga. Boma linkafuna anthu onyamula katundu wa asilikali, aja ankatchedwa atengatenga. M'dziko lonse la Nyasaland anthu pafupifupi 200,000 anagwira ntchito imeneyi, ndipo ambiri anafera m'njira ndi matenda ndi njala. Inkosi Chimtunga Jere anakana kuti anthu ake azitengedwa chonchi. Mu 1915 boma linamuchotsa pa ufumu n'kumupititsa ku Chiromo. Tangoganizani, munthu wozolowera kamphepo kozizira ka kuno, kukamutaya ku chigwa cha Shire kotentha kuja.

Amene anaimirira pa nkhaniyi sanali ankhondo a zishango ndi mikondo. Anali aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki ophunzira m'sukulu za mishoni ya Livingstonia, pamodzi ndi mafumu ena monga Amon Jere wa kwa Mtwalo. Chida chawo chinali pepala. Ankakumana, kukambirana, mlembi n'kulemba zonse m'Chingerezi, ndipo zolembazo ankazitumiza kwa bwanamkubwa ku Zomba kudzera kwa bwana DC. Nzeru imeneyi sanaiyambe okha. Ku Karonga kunali kale North Nyasa Native Association kuyambira 1912, ndipo kunyanja kwa Atonga kunali West Nyasa Native Association kuyambira 1914. Nkhani za magulu amenewa zinali msonkho, sukulu, ndi mmene boma linkachitira ndi anthu akuda. Koma a Mombera anali ndi nkhani yawoyawo imene sanaisiye: ufumu wa M'mbelwa ubwerere.

Ndipo sizinachitike tsiku limodzi. Chimtunga analoledwa kubwerera kwawo mu 1920, koma mphamvu zake zakale sanam'bwezere, mpaka anamwalira mu 1924. Gulu lija silinafooke. Linapitiriza kulemba ndi kukakamira kuti mwana wake, Lazaro Jere, avomerezedwe. Mu 1928 zinatheka, ndipo iyeyu ndiye M'mbelwa II, amene analamulira mpaka 1959. Zaka zisanu ndi zitatu akulemba makalata! Ife kalata imodzi ikapanda kuyankhidwa timati basi, akuluakulu samva, gulu la pa WhatsApp n'kuzizira.

Tsopano maina. Woyamba amene ndikufuna mumusunge ndi Charles Chidongo Chinula, chifukwa ndi wapafupi ndi ife. Mukakhota pa Jenda pano kulowera ku Embangweni, mukupita kumene iye anaphunzitsa, pa mishoni ya Loudon imene Donald Fraser anakhazikitsa mu 1902. Olemba mbiri amati ali mphunzitsi pamenepo ankalimbikitsa ana a sukulu mwakabisira kuvina magule a makolo, pamene mpingo unkawakayikira, chifukwa iye sankaona kuti akutsutsana ndi Chikhristu. Anapeka nyimbo zambiri za m'buku la Sumu za Ukristu, moti ena a inu mwaimbapo mawu ake Lamlungu osadziwa mwini wake. Anadzozedwa ubusa mu 1925, ndipo anali m'modzi wa atsogoleri enieni a Mombera Native Association.

Pano ndisabise, popeza kukumbukira munthu si kumupaka laimu. Mu 1930 mpingo unamuchotsa pa ubusa pa mlandu wa chigololo. Ambiri akanathera pomwepo. Iye anayambitsa mpingo wake ndi sukulu yake ku Sazu, n'kupitiriza kuphunzitsa ana ndi kulankhulira anthu. Pambuyo pake anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa Nyasaland African Congress. Anabwerera ku CCAP atakalamba, ndipo anamwalira mu 1970. Ine ndimamukonda Chinula chifukwa chomwechi, kuti mbiri yake ili ndi chipsera poonekera. M'kalabu iliyonse muli munthu wotere, waluso kuposa tonse, amene tsiku lina anagwa. Funso limakhala lakuti akamwalira tidzanena ziti, zabwino zokha, zoipa zokha, kapena zonse.

Wachiwiri ndi Yesaya Mlonyeni Chibambo wa ku Ekwendeni. Mu 1921 analembera kalata akuluakulu a mishoni kudandaula kuti antchito akuda sawerengedwa ngati anzawo a azungu pa ntchito. Ameneyo anali munthu wolembedwa ntchito ndi mishoni yomweyo, ndiye mukhoza kuona kulimba mtima kwake. Anadzakhala m'busa, ndipo ndi iye amene anasonkhanitsa mbiri ya Angoni kuchokera kwa akuluakulu n'kuilemba. Buku lake My Ngoni of Nyasaland linatuluka mu 1942, ndipo la m'Chitumbuka limatchedwa Midauko. Anathandizanso kwambiri Margaret Read, mayi wa ku England amene anabwera kudzafufuza za moyo wa Angoni. Zambiri zimene timamva pa Umthetho ku Hora za ulendo wa Zwangendaba, iye anali m'gulu la oyamba kuziika pa pepala.

Wachitatu ndimungomutchula mwachidule, Levi Zililo Mumba, mwana wa boma lino amene ntchito yake inali yolumikiza magulu onsewa. Mu 1924 anatsogolera komiti yoimira magulu a kumpoto ku Zomba, ndipo mu 1944 anasankhidwa pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress. Anamwalira mu Januwale 1945, miyezi yochepa chabe atalandira udindowo.

Kodi anali angelo? Ayi ndithu. Anali amuna okhaokha, ophunzira okhaokha, ndipo nthawi zina zimene ankati ndi zofuna za anthu zinali zofuna za aphunzitsi ndi mafumu. Pomenyera ufumu wa Angoni, mawu a Atumbuka amene ankafuna mafumu awoawo sankamveka kwenikweni m'gulumo. Izi muzidziwe, osazibisa.

Koma taonani chinthu ichi. Chinula, Chibambo ndi Mumba tikuwadziwa lero chifukwa panali wina amene anagwira cholembera. Makalata ndi zokambirana za magulu amenewa zinasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo olemba mbiri monga John McCracken ndi Leroy Vail anakaziwerenga kumeneko. Nanga amayi amene ankaphikira misonkhano ija? Nanga mnyamata amene ankayenda wapansi ndi kalata kupita ku boma? Iwonso anatumikira, koma poti palibe anawalemba, tilibe dzina loti tiimirire nalo chete.

Ife tili pangozi yoposa iwo, chifukwa mbiri yathu yonse ili m'mafoni. Foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa pa msika, zithunzi za tsiku lija tinakasesa ku chipatala zapita. Amene anayambitsa tsamba la Facebook akapita ku Joni n'kuiwala pasiwedi, basi kwatha. Pepala la 1921 lilipo mpaka lero, koma yesani kufufuza uthenga wa chaka chathachi.

Ndiye pempho langa nali. Tigule kope lachikuto cholimba, lija la akauntala, likhale kwa mlembi. Mnzathu aliyense amene anatisiya akhale ndi tsamba lake: dzina lonse, mudzi ndi mfumu yake, chaka chimene analowa, chaka chimene anamwalira, ndi ntchito imodzi yeniyeni imene anagwira, kaya anaumba njerwa za chimbudzi cha sukulu, kaya ankatunga madzi a agogo osayenda. Osalemba zoti "anali munthu wabwino", zimenezo timanena pa maliro a aliyense. Tiyambe tapempha chilolezo kwa achibale, ndipo ngati akufuna kuti tilembe m'Chitumbuka, tilembe m'Chitumbuka. Amene muli ndi agogo oti anamuonapo Chinula ndi maso, kapena anaphunzira ku Sazu, pitani mukawafunse sabata ino, mubwere nazo pa msonkhano wotsatira. Cholembera mutenge chanu, cha mlembi chinatha inki.