Zipata za ku Kariba ndi madamu athu a kuno ku Dowa

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, mbiri ya Kariba timaiphunzitsa mothamanga: Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kusamutsidwa kwa Atonga, basi. Koma ine mtima wanga uli pa zipata zotayira madzi.

Ntchito yomanga damulo ili mkati, Zambezi anasefukira mu 1957, ndipo mu 1958 anabweranso ndi ukali woposa, ma cubic metre pafupifupi 16,000 pa sekondi. Atonga anati ndi Nyaminyami. Mainjiniya anabwereranso ku masamu awo, nawonjezera zipata kuchoka pa 4 kufika pa 6. Zonse pamodzi zimataya pafupifupi 9,000 pa sekondi, madzi otsalawo nyanja imayamba yawasunga. Ogwawo nawo si ofatsa: m'kupita kwa zaka anakumba dzenje m'thanthwe lozama mamita pafupifupi 80.

Kwathu tinaonera pa Kapichira mu Januwale 2022, namondwe Ana atagumula mbali ya damu. Magetsi anavuta mpaka kuno ku Mponela, amayi n'kumaswera pachigayo. Nanga madamu adothi a m'madambo mwathumu? Ena amene ndawaona, potayira madzi pake panamera bango, penanso munthu anadzalapo chimanga.